Ndithandizeni kusankha laputopu ya magemu, i7 kapena i5?

Kadzidzi_94
Akuluakulu ndabwera kwa inu. Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikusunga kangachepe kuti ndigule laputopu yoti ndiziseweretsa magemu komanso ndizilembera za kusukulu, pano ndatsala ndi ziwiri nde mutu waima. Yoyamba ili ndi i7, RAM 16GB, SSD 512GB, GPU yake (chipu chojambula zithunzi) ndi RTX 3050 ya 4GB. Yachiwiri ndi i5, RAM 8GB yokha, SSD 512GB koma GPU ndi RTX 4060. Zomwe ndasungazo zikukwana iliyonse mwa ziwirizi. Amene akugulitsayo akuti ndisachedwe nditenge ya i7 chifukwa i7 ndi i7 basi, i5 ndi ya ana. Magemu anga ndi FC ya mpira ija, GTA V, Valorant apo ndi apo, koma ndimalakalakanso nditalawako Cyberpunk 2077 imene anthu amaitama ija. Nditenge iti? Musandiseke, ine za m'kati mwa kompyuta sindimazitsata.

Chule007
4060. Nkhani yatha.

Nyalugwe_X
Aise ameneyo akungofuna akutulire katundu amene wamukhalitsa. "i7 ndi i7" nde kuti chani kkkk. Umufunse kuti i7 yake iti, uone akamayamba kukanda m'mutu.

Sikuludiraiva
Achimwene, tiyambire pa zomwe wanena Nyalugwezo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. i5 kapena i7 si dzina lonse la purosesa, pamatsatira manambala ndi chilembo, ndipo chilembo chakumapetocho ndi chimene chimakuuzani kuti anaipangira ntchito yanji. Ikathera ndi U, monga i7-1255U, imeneyo ndi ya malaputopu opyapyala a mu ofesi, anaipanga kuti izidya magetsi ochepa, cha m'ma 15W, batire lizikhalitsa. Ikathera ndi H, monga i5-13420H, ndi ya 45W, ndipo pa gemu i5 yotereyi imaisiya m'mbuyo i7 ya U ija. Za HX ndiye zikuluzikulu zotengera ku ma desktop. Munthu akangoti i7 osatchula zotsalazo sanakuuzeni kanthu, ikhozanso kukhala ya zaka zapitazo.

Koma ngakhale i7 imeneyo ikhale ya H, pa magemu amene amasenza katundu wolemera ndi GPU. Zonse mukuona pa sikilini, mithunzi, udzu wa pabwalo mu FC, magetsi a mumzinda mu Cyberpunk, imajambula ndi GPU, ka 60 kapena kuposa pa sekondi iliyonse. Mtunda umene uli pakati pa 3050 ndi 4060 ndi wautali kuposa wa pakati pa i5 ndi i7.

Chinanso, RAM mutha kuwonjezera mawa, SSD mutha kusintha, koma GPU ya laputopu anaiwotcherera pa bodi. Imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka laputopuyo idzatope. Vuto la yachiwiriyo limatha ndi kumasula tizisikuluwu tingapo, vuto la yoyambayo silitha.

Kadzidzi_94
Ndamufunsa. Akuti yoyamba ndi i7-11800H, yachiwiri ndi i5-13420H yomwe mwatchulayo.

Nyalugwe_X
Mwaona. 11800H ndi ya 2021, i5 inayo ndi ya 2023. Amafuna akugulitse agogo ovala suti.

Fisi_wa_usiku
Ine nde nditsutsako pang'ono ngakhale mundigende. 11800H si yachabe ayi, ili ndi ma core 8 ndipo mpaka pano imakoka. Komanso tamverani magemu amene mnyamatayu watchula, GTA V inabwera pa PC mu 2015, Valorant imayenda ngakhale pa kompyuta yopanda GPU yapadera, FC nayo sivuta kwenikweni. Zonsezi 3050 imaziyendetsa bho. Nde asiye makina amene ali kale ndi 16GB oti akangofika nawo ayamba kusewera, atenge a 8GB pa Windows 11 oti ukatsegula Chrome ndi Discord RAM yadzaza kale gemu usanayambe? Anthu mumakonda kunena kuti udzawonjezera mawa, koma mawa lakelo ena silimafika, chaka chimatha munthu akusewera ndi gemu yodukizadukiza.

Njiwa_Sniper
A Fisi mwalumpha dala gemu yachinayi. Chichokereni pomwe Cyberpunk anaikonzanso mu 2023, eni ake amati pochepetsetsa pamafunika VRAM 6GB, RAM 12GB ndi SSD yokhala ndi malo 70GB. Nde taonani, malaputopu onse awiriwa akulephera mayeso, ina yalephera pa VRAM chifukwa ili ndi 4GB, ina yalephera pa RAM chifukwa ili ndi 8GB. Kusiyana kwake ndi koti inayo ikhoza kubwereza mayeso n'kukhoza. Ya 4GB ija yalephereratu.

Fisi_wa_usiku
Achimwene a Njiwa, imatseguka pa 4GB, ndinaionapo ndi maso angawa. Ungotsitsa ma setingi.

Njiwa_Sniper
Ndine achemwali anu osati achimwene. Kutseguka imatseguka, sindikukana. Koma VRAM ikadzaza gemu imayamba kubwereka RAM wamba yomwe ndi yochedwa, nde ndi pomwe umaona makoma akusanduka phala, galimoto ikutulukira pamaso pako pomwe, ukatembenuka chithunzi chikuyamba chaima kaye. Kumeneko si kusewera, ndi kupirira.

Fisi_wa_usiku
Pepani achemwali, ndalakwa pa dzina pokha, pa mfundo ndikadali pomwepo kkk

Kadzidzi_94
Pepani VRAM ndi RAM ndi zosiyana?

Sikuludiraiva
Eya ndi zosiyana. RAM ndi ya kompyuta yonse, VRAM ndi ya GPU yokha, ndi momwe imasungamo zithunzi za gemu zomwe ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo. 3050 yanuyo ili ndi 4GB, 4060 ya laputopu ili ndi 8GB. VRAM siwonjezereka.

Koma musanathamange ndi ndalama, pali funso lina limene palibe walifunsa, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onsewa. 4060 imeneyo ndi ya mawati angati? NVIDIA imalola opanga malaputopu kuipatsa 4060 mphamvu kuyambira 35W mpaka 115W, ena amawonjezerapo 25W ya Dynamic Boost n'kufika 140W. Pa sitika onse amangolemba RTX 4060 chimodzimodzi. Laputopu yopyapyala yokhala ndi mafani ang'onoang'ono amaipatsa mwina 45W chifukwa singathe kutulutsa kutentha kochuluka, yonenepa ija amaipatsa 100W kapena kuposa. Dzina limodzi, liwiro losiyana kwambiri. Ndaonapo anthu awiri akukangana kuti wina anamugulitsa feki chifukwa mnzake akupeza ma fps (zithunzi pa sekondi) ambiri pa gemu yomweyo, pomwe zonse zinali zenizeni, nkhani inali mawati basi.

Kuti muone nokha, tsegulani NVIDIA Control Panel, pitani pa Help kenako System Information, mupeza mzere wolembedwa Maximum Graphics Power. Nambala imeneyo ndi imene mukugula. Ogulitsa akakana kuti muyatse muone, inunso kanani kugula.

Mphepo_Yamkuntho
Zoona izi koma tisawaopseze kwambiri. 4060 ikadutsa cha m'ma 100W zomwe umapindula ndi zochepa zedi, ya 105W ndi ya 140W zimangoyenda pafupifupi limodzi. Nde musamati ndikufuna 140W basi, chongopewa ndi zija za 45W. Ndipo ngakhale ya 45W yomweyo 3050 singaipeze.

Sikuludiraiva
Apo ndikuvomera.

Kalulu_FC
Ine sindikumvetsa bwanji anthu mukuzivutitsa chonchi. Gula PS5 aise. Palibe za mawati, palibe za madiraiva, waika gemu wasewera. FC imakoma pa TV ndi anzako anayi pa mpando osati kuunjikana pa ka sikilini ka mainchesi 15.

Chule007
Asaimenti azilembera pa PS5?

Kalulu_FC
Alembe pamanja kkkk. Koma kunena zoona GTA VI poilengeza anatchula PS5 ndi Xbox Series basi, PC sanaitchule. Nde a malaputopu mudzangoonera pa YouTube ife tikusewera.

Nyalugwe_X
Rockstar, opanga GTA, ndi khalidwe lake limenelo si zachilendo. GTA V inatuluka pa ma console mu 2013 ife a PC tinailandira 2015, Red Dead Redemption 2 inatuluka 2018 ife 2019. Timadikira koma ikabwera imabwera yokongola kuposa yanuyo, ndi ma mod pamwamba.

Kalulu_FC
Yokongola pa 4060 ya mawati 45? kkkkk

Gogo_Pentium
Ana inu mukudandaula 8GB. Ife tinkasewera San Andreas pa Pentium 4 ya RAM 256MB, MB osati GB, sikilini yake ya chimutu kumbuyo yoti kuinyamula mpaka anthu awiri. Gemu ikaima tinkangodikira, nthawi zina umapita kukasamba n'kubwera ikadali pa loading. Ndipo tinkasangalala kuposa inu amene maso anu amangokhala pa ka nambala ka fps pakona m'malo moona gemu.

Njiwa_Sniper
Agogo takulandirani, khalani pa mpando apa, koma nthawi imeneyo inapita.

Gogo_Pentium
Inapita inde, koma fumbi silinapite. Limene linkapha makompyuta athu ndi lomwelo likupha anuwa.

Mphepo_Yamkuntho
Apa agogo anena zoona ndipo ndili ndi umboni. Laputopu yanga yoyamba ya magemu, sinditchula mtundu chifukwa wolakwa ndinali ine, ndinkaseweretsa pabedi nditaiika pa bulangete. Mafani amakoka mpweya kunsi nde ine ndinali nditatseka kunsi konseko, ubweya wa bulangete ukulowa m'kati tsiku ndi tsiku. Patatha chaka gemu imayamba bwinobwino, pakatha mphindi khumi ma fps agwa theka, fani ikulira ngati ndege ikunyamuka, pa kiyibodi osagwirika. Ine n'kumati GPU yafa. Nditaika HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha, ndinaona purosesa ikugunda madigiri 100 n'kumadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Titatsegula tinapeza fumbi litaumbana ngati kansalu pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira kutentha tija, mpweya sumadutsa olo pang'ono. Kuchotsa kokhako ndi kupaka thermal paste (phala lochotsa kutentha pa purosesa) watsopano makina anabwerera mwakale. Nde Kadzidzi iliyonse utenge, tebulo. Ukweze kumbuyo kwake ndi kabuku kuti mpweya uzilowa, zimathandiza kuposa mmene ungaganizire.

Sikuludiraiva
Kuwonjezera apo, laputopu ya magemu kutentha ndi chikhalidwe chake, musadzidzimuke mukaona purosesa ili m'ma 80 kapena 90 gemu ili m'kati. GPU za NVIDIA za m'malaputopu zambiri zimayamba kudzibweza zikafika pa 87. Chodetsa nkhawa ndi pamene yakhazikika pa malire pomwepo ndipo liwiro likutsika. Pogula itembenuzeni muone mabowo a kunsi, muone ngati mpweya umatulukira kumbuyo kokha kapena ndi m'mbali momwe, komanso ngati mafani ndi awiri. Chenjezo limodzi kwa okonda kutsegula okha: ena mwa malaputopu apamwamba, monga ena a ASUS ROG, pa purosesa anapaka liquid metal, chitsulo chamadzimadzi, osati paste wamba. Chimenecho chimadutsa magetsi, kadontho kakagwera pa bodi mwawotcha makina. Ngati simukudziwa kuti m'kati muli chiyani musachotse heatsink, chitsulo chotulutsa kutentha chija, ingopemererani fumbi.

MayiWaAnyamata
Pepani ana anga ndilowerere nawo ngakhale nkhani si yanga. Mwana wanga akuti akufuna laputopu ya sukulu, wandilembera pa pepala kuti ikhale ndi RTX komanso 144Hz komanso kiyibodi yoyaka mitundumitundu. Akuti popanda zimenezi mapulogalamu a kusukulu sayenda. Ali fomu 3. Ndi zoona?

Chule007
kkkkkkk amayi mwana wanuyo ndi mnzathu, timulandire pa gulu pano

Nyalugwe_X
Tisamuwulule mwana wa eni ake aise

Njiwa_Sniper
Amayi, Word ndi intaneti sizifuna RTX, zimenezo ndi za magemu. Si kuti ndi zoipa, akadzayamba zojambula za 3D kapena kukonza mavidiyo GPU idzamuthandiza ndithu, koma akuuzeni chilungamo kuti akufuna kusewera nde mugwirizane nthawi yake. Dziwaninso kuti malaputopu amenewa ndi olemera, ambiri amaposa makilogalamu awiri, chaja chake chokha ngati njerwa, ndipo batire silichedwa kutha. Kunyamula tsiku lililonse m'chikwama ndi chintchito.

MayiWaAnyamata
Zikomo mwanawe. Abwere madzulo ano tikambirane bwino.

Kalulu_FC
Mwamuphetsa mnyamata

Kadzidzi_94
Kkkk pepa m'bale wanga wosakudziwa. Tibwerere kwa ine akuluakulu. Za batire zanenedwazi zandiopsa, ine ndimaganiza kuti ndizitha kusewera olo maola atatu osalumikiza ku magetsi.

Mphepo_Yamkuntho
Iwalako zimenezo. Tangowerengera wekha, batire lalikulu kwambiri limene amaika mu laputopu ndi 99.9Wh chifukwa mu ndege salola loposa 100Wh popanda chilolezo, ndipo malaputopu otsikirapo ambiri ali ndi la m'ma 50 kapena 60Wh. Nde GPU yokha ikufuna 100W, purosesa 45W, sikilini pamwamba. Ola silingakwane. N'chifukwa chake ukangozula chaja makina amadzitsitsa okha mphamvu, ma fps amagwa, ndipo ngakhale atero ukasewera ola limodzi ndi theka uthokoze. Laputopu ya magemu ndi desktop yonyamulika, batire lija ndi longokuthandiza kusamuka pa soketi ina kupita pa ina. Polemba ndi kuwerenga lokha limapirirako maola angapo, makamaka ukaisiya igwiritse ntchito GPU yaing'ono ya m'kati mwa purosesa ija, ukatsitsanso sikilini kufika pa 60Hz.

Fisi_wa_usiku
Koma kumangoisiya pa chaja tsiku lonse si kumene kumatupitsa batire? Yanga ina inatupa mpaka touchpad inadzuka.

Sikuludiraiva
Chimene batire limadana nacho ndi kukhala pa 100% nthawi zonse kwinaku likutenthedwa. Mitundu yambiri ili ndi setingi yoti lizilekeza kuchaja lisanadzaze, ena pa 80% ena pa 60%, ku Lenovo amaitcha Conservation Mode, ku ASUS ili mu MyASUS. Yatsani imeneyo muzisewera muli pa chaja mtima uli m'malo. Ndipo batire likatupa musalibaye kapena kulikanikiza kuti libwerere, lichotsedwe basi, limayaka moto. Chinanso gwiritsani ntchito chaja chake chenicheni. Zambiri ndi za 170W, 230W, zina mpaka 330W. Ka USB-C ka 65W kapena 100W kangakuthandizeni polemba, pa gemu batire lizitsika muli chilumikizire.

Dzombe_Lite
Funso langa, bwanji osangotenga MacBook? Batire tsiku lonse, siitentha, siilira.

Njiwa_Sniper
Chifukwa pa magemu anayi amene watchula, atatu kulibeko ku Mac. Valorant kulibe, FC kulibe, GTA V kulibe. Cyberpunk yokha ndi imene inafikako mu 2025. Makina ndi abwino koma si a ntchito imeneyi. Steam Deck, kamakina ka magemu ka m'manja kaja, nayonso musaitchule, Valorant siyenda pa SteamOS yake chifukwa cha Vanguard, pulogalamu ya Valorant yoletsa kubera.

Ndipo poti tatchula Vanguard, Kadzidzi dziwiratu kuti pa Windows 11 imafuna zotetezera makina zotchedwa TPM 2.0 ndi Secure Boot zikhale zoyatsa. Malaputopu onse awiriwo ali nazo, koma ukapeza wina anaikamo Windows mwachidule n'kuzimitsa Secure Boot mu BIOS, Valorant idzakukanira nde usadzati makina ndi owonongeka.

Palibenso amene wafunsa za sikilini, chonsecho ndi chinthu chimene uzichiyang'ana tsiku lonse. Funsa zitatu. Ma Hz, chifukwa pa 60Hz chithunzi chimasintha pakatha 16.7ms pomwe pa 144Hz ndi 6.9ms, pa Valorant zimamveka m'manja, ukazolowera 144 kubwerera ku 60 umaona ngati mausi akudwala. Kenako mitundu, apa ndi pomwe opanga amabisalira. Malaputopu ambiri otsikirapo amalemba 144Hz ndi zilembo zikuluzikulu koma pansi mwakachetechete 45% NTSC, kutanthauza kuti mitundu ndi yofuwa, chofiira chimaoneka ngati chachapidwa kambirimbiri. Wabwino amalemba 100% sRGB kapena 72% NTSC. Chachitatu kuwala, 250 nits m'chipinda chowala uzingodziona nkhope yako, 300 kupita m'mwamba ndiye bho. Ine yanga ndinagwa nayo pa 45% yomweyo, ndinazindikira tsiku limene ndinailumikiza ku monita ina n'kuona kuti kani udzu wa mu gemu ndi wobiriwira chonchi.

Chule007
Nde wina amagula 4050 ndi sikilini ya 1440p kkk, ngolo yaikulu bulu mmodzi

Mphepo_Yamkuntho
Eya pa 4060 khala pa 1080p kapena 1200p, ndi pomwe imapuma bwino. 1440p imatheka ndi DLSS koma 8GB ija imayamba kuchepa pa magemu atsopano. Ngakhale 4070 ya laputopu ili ndi 8GB yomweyo, anthu sadziwa. Ndiponso mayina a laputopu ndi a desktop osamawafananiza, 4090 ya laputopu chipu chake ndi cha 4080 ya desktop.

Kadzidzi_94
DLSS ndi chaninso abale, mwandichulukira

Nyalugwe_X
Mwachidule gemu imajambulidwa pa resolution yotsika kenako GPU imaikuza mochenjera kuti ioneke ngati yapamwamba, ma fps amakwera. Imeneyo ma RTX onse ali nayo ndi 3050 yomwe. Koma pali inanso yotchedwa Frame Generation imene imapanga zithunzi zowonjezera pakati pa zenizeni, imeneyo inayambira pa ma 40, 3050 ilibe. Pa Cyberpunk imathandiza heve.

Fisi_wa_usiku
Ma fps abodza amenewo. Nambala imakwera koma dzanja limamva kuchedwa, ndipo imadyanso VRAM.

Nyalugwe_X
Pa gemu ya nkhani yoti ukungoyenda mumzinda ndani amamva? Palibe akukuuza kuti uyatse pa gemu yowomberana pa intaneti. Iwe Fisi wangodana nayo 4060 lero, kapena ogulitsa uja ndiwe?

Fisi_wa_usiku
kkkk ayi ndithu. Chabwino ndagonja, atenge 4060 koma alonjeze pano kuti RAM agula sabata yomweyo osati "mawa".

Sikuludiraiva
Pamenepo a Fisi mwakhoza, ndipo pali zoti aonetsetse asanalipire. Tsegulani Task Manager, Performance, Memory, pansi pamalembedwa Slots used. Ikati 1 of 2 ndiye kuti malo ena alipo. Malaputopu ena opyapyala RAM anaiwotcherera ndipo simungawonjezere, imeneyo ya 8GB musaiyandikire n'komwe. Muonenso ngati ndi DDR4 kapena DDR5 chifukwa sizilowana, kamphako kake kali pa malo osiyana, ndipo i5-13420H imapezeka ndi mitundu yonse iwiri kutengera laputopu. Mugule ina ya 8GB yofanana liwiro ndi imene ilimo. Phindu si kuchuluka kokha, zikakhala ziwiri zimagwira ntchito limodzi, njira imakula kawiri, ndipo kudukiza kuja kumachepa kwambiri makamaka pa magemu odalira purosesa ngati Valorant.

SSD nayo 512GB musaione kukula. Windows idzakuonetsani 476GB, ichotsepo yake, GTA V itenge cha m'ma 100GB, Cyberpunk 70GB, FC, tsiku lina mudzafuna Red Dead 2 imene imapempha 150GB, mwadzaza. Funsani ngati muli malo achiwiri a SSD otchedwa M.2. Akakhalapo mudzangosomekapo ina osakhudza Windows.

Dzombe_Lite
Nanga MUX switch imene amaitchula m'mavidiyo ija ndi yofunika?

Sikuludiraiva
Ikakhalapo ndi bwino, ikapanda si chifukwa chosiyira makina. Popanda MUX zithunzi zochokera ku GPU yaikulu zimadutsira kaye mu GPU yaing'ono ija zisanafike pa sikilini, nde pamatayika ma fps ena, makamaka pa magemu othamanga ma fps ambirimbiri. MUX imalumikiza sikilini ku GPU yaikulu mwachindunji. Kungoti mukaiwala kuibweza batire limatha msanga. Yotchedwa Advanced Optimus imasintha yokha osafuna kuzimitsa makina.

Gogo_Pentium
Ine changa ndi chimodzi mwana wanga, mahinji. Tsegula ndi kutseka kangapo umve ngati pakulira kapena pulasitiki ikudzuka m'makona. Ndipo uzitsegulira pakati osati pakona. Mdzukulu wanga anathyola yake chaka chisanathe chifukwa chokokera mbali imodzi, GPU inali yamoyo koma sikilini ikulendewera ndi mawaya.

Kalulu_FC
PS5 ilibe mahinji

Njiwa_Sniper
Admin tamuchotseni uyu

Kadzidzi_94
Ndabwerako akuluakulu. Ndinapita ndi kapepala ndalemba zonse mwanenazi, ogulitsa uja anayamba ndi kuseka koma nditatsegula NVIDIA Control Panel anangoti kukamwa yasa. Maximum Graphics Power yalemba 105W. Slots used 1 of 2, DDR5. Malo achiwiri a SSD akuti alipo koma sanalole kutsegula kunsi, ndaona pa tsamba la opanga kuti alipodi. Sikilini ndi 144Hz koma achemwali a Njiwa munalosera, 45% NTSC. Ndinayatsa vidiyo pa malaputopu onse awiri ndipo kunena zoona ya i7 ija mitundu yake ndi yowala bwino kuposa iyi, mpaka mtima unagwedezekanso pang'ono. Komanso ndazindikira kuti ya i7 ija si yatsopano, inagwirapo ntchito, pansi pali tizikanda ndipo sikuluwu imodzi palibe.

Sikuludiraiva
Sikuluwu yosowa ndiye kuti inatsegulidwapo. Si mlandu, mwina ndi pomwe anaikamo 16GB ija, koma akanakuuzani okha. Kwa ena amene mukuwerenga ndipo mukufuna yogwirapo kale ntchito: lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt mufananize Design Capacity ndi Full Charge Capacity, CrystalDiskInfo ikuuzani maola amene SSD yagwira, kenako muyatse gemu yolemera kwa mphindi 20 HWiNFO ili yotsegula. Mphindi ziwiri zoyamba laputopu iliyonse imaoneka yamphamvu.

105W ili bwino achimwene. Za sikilini, monita yapadera mudzagula m'tsogolo n'kulumikiza pa HDMI, ndi vuto linanso lotheka kulikonza.

Njiwa_Sniper
Mitundu yofuwayo uizolowera pakatha sabata bola usamaiyike pafupi ndi ya mnzako. Ukayamba Valorant undiuze ndikuphunzitse kugwira mfuti.

Fisi_wa_usiku
RAM. Sabata ino. Ndikufunsanso Lachisanu.

Kadzidzi_94
Ndatenga ya 4060, RAM ndaitanitsa kale a Fisi musandilondole kkk. Pano ikupanga ma update a Windows kuyambira masana, fani ikulira chonsecho sindinatsegule gemu iliyonse, zili bwinobwino zimenezi?

Mphepo_Yamkuntho
Isiye imalize, tsiku loyamba zimatero. Ili pa tebulo?

Kadzidzi_94
Ili pabedi. Ndikuichotsa.